KACHEBERE, NAZALE YA ANSEMBE PAMALIRE ATHU: KODI AMAPHUNZIRA CIANI, NANGA AMALIPIRA NDANI?

Ndi Mtolankhani Wathu

Tsiku limene mnyamata adzozedwa unsembe, mudzi wonse umagwedezeka. Amai amaimba nthungululu, ng'oma zimalira, mbuzi ndi nkhuku zimaphedwa, ndipo ngakhale anthu a mipingo ina amabwera kudzaona mwana wa pamudzi atagona cafufumimba pamaso pa Bishopu. Koma mwa anthu onse amene amasonkhana pa tsikulo, ndi owerengeka okha amene adziwa zaka zimene mnyamatayo watha ali pa sukulu, zimene waphunzira kumeneko, ndi amene anali kumdyetsa ndi kumgulira mabuku nthawi yonseyo.

Makolo ambiri kumidzi amangomva kuti mwana wa uje ali ku seminale, ndipo amayesa kuti kumeneko n'kopemphera cabe usana ndi usiku. Ena amakhulupirira kuti zonse amalipira ndi Papa ku Roma, kotero kuti Mkristu wa ku Katete kapena ku Petauke alibe gawo pa nkhaniyi. Maganizo onse awiriwa ngolakwika, ndipo kuti tione pamene alakwikira tiyenera kuyambira pa sukulu imene inalera ansembe ambiri oyamba a Cigawo ca Kum'mawa. Sukuluyo siili m'Zambia ai. Ili kuseri kwa malire, m'boma la Mchinji ku Malawi, pa Kachebere, patsinde pa phiri, ndipo munthu wocokera ku Chipata amakafikako dzuwa lisanakwere kwambiri.

TANTHAUZO LA LIULI

Liu lakuti seminale linacokera ku Cilatini, ndipo tanthauzo lake mlimi aliyense alidziwa. Ndi nazale, malo aja timafesapo mbeu za fodya kapena za ndiwo tisanaziokere m'munda.

Mpingo wa Katolika unakhala zaka zoposa 1,500 wopanda lamulo lokakamiza sukulu zotere. Mnyamata wofuna unsembe kawirikawiri anali kungokhala pakhomo pa wansembe wamkulu naphunzira mwa kuonerera. Ena anali kuphunzira bwino ndithu, koma ena anali kudzozedwa asakumvetsa ngakhale mau amene anali kuwerenga pa Misa. Msonkhano waukulu wa mabishopu umene unacitikira mumzinda wa Trent, kumpoto kwa Italy, ndiwo unalamula m'caka ca 1563 kuti dayosizi iliyonse ikhale ndi seminale, ndi kuti madayosizi osauka agwirizane kumanga imodzi. Lamulolo linanenanso cinthu cimene ambiri sangaciyembekezere: posankha anyamata, ana a anthu osauka ndiwo ayambe kuganiziridwa. Ana a anthu olemera asakanizidwe, koma adzilipirire okha. Ndalama zoyendetsera sukuluzo zinayenera kucokera ku cuma ca mpingo wa m'dayosizi momwemo. Motero funso lakuti alipira ndani silinayambe lero. Linabadwa pamodzi ndi lamulo loyambalo.

A MIKANJO YOYERA AFIKA

Cikatolika cinafika kuno kum'mawa ndi ansembe a gulu la White Fathers, lochedwa tero cifukwa ca mikanjo yao yoyera yonga ya Aarabu. Gululi analiyambitsa ndi Charles Lavigerie, Arkibishopu wa ku Algiers, m'caka ca 1868. Anthu ake anayesa kukhazikika kwa Mfumu Mponda, kumwera kwa Nyanja ya Malawi, mu 1889, koma zinthu sizinawayendere, ndipo mu 1891 anasamukira ku Mambwe Mwela, cakufupi ndi Mbala. Caka cimeneco ndico Akatolika a m'Zambia amawerengera ciyambi ca mpingo wao. Atazika mizu pakati pa Abemba motsogozedwa ndi Bishopu Joseph Dupont, amene anthu anamucha Moto Moto, anabwereranso kumwera pakati pa Acewa ndi Angoni. Anatsegula mishoni ya Mua mu 1902, ndipo ya Kachebere mu 1903.

Poyamba Kachebere inali mishoni wamba, ya chalichi, sukulu ndi nyumba ya ansembe. Kucokera kumeneko ansembe ndi aphunzitsi ao anali kuyenda pansi kulowa m'midzi ya Angoni a Mpezeni yozungulira Fort Jameson, amene ndi Chipata wa lero. Masiku amenewo malire anali pa pepala la Azungu cabe. Anthu a mbali zonse ziwiri anali kukwatirana, kuikana maliro ndi kulankhula cinenero cimodzi, monga acitirabe mpaka lero.

Lavigerie anali ataphunzitsa ana ake kuti mmishonale ndi woyambitsa cabe, nchito yokhalitsa adzaigwira ndi Aafirika eni ake. Kunena kunali kwapafupi, koma kupeza wansembe wakuda kunatenga nthawi yaitali. Anyamata anzeru anali kuyamba pa seminale yaing'ono, ndipo yochuka pa nthawiyo inali ya Kasina, m'boma la Dedza. Owerengeka amene anali kupirira mpaka kumapeto anali kutumizidwa ku Kipalapala, pafupi ndi Tabora m'dziko la Tanganyika, ulendo wa masiku ambiri, ku dziko la cinenero cina, kumene munthu anali kukhala zaka osaona nkhope ya amai ake. Mmodzi wa anyamata amenewo anali Cornelio Chitsulo, amene anadzozedwa mu 1937 nakhala wansembe woyamba wa Cikatolika wobadwira m'dziko la Nyasaland. Tawerengani nokha: kucokera pa kutsegulidwa kwa mishoni ya Mua kufikira tsikulo panapita zaka 35. Bambo Chitsulo yemweyo anadzadzozedwa Bishopu wa Dedza mu 1957.

M'caka comweco ca 1937, Roma anadula dera la Fort Jameson kulicotsa ku Nyasa kuti likhale ndi mtsogoleri wakewake. Akuluakulu a mpingo anaona kuti sangapitirize kutumiza anyamata ku Tanganyika, ndipo mu 1939, pa nthawi ya Bishopu Oscar Julien, anatsegula seminale yaikulu pa Kachebere, naipatsa dzina la Antonio Woyera. Inali ya maiko awiri, Nyasaland ndi Northern Rhodesia, ndipo malo ake apamalire anaiyenera kwambiri.

Caka ca 1939 sicinali cabwino poyambira cinthu cofuna ndalama. Mu September nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inabuka, ndipo pofika mu 1940 maiko a France, Belgium ndi Holland, kumene kunali kucokera amishonale ambiri pamodzi ndi thandizo lao, anali m'manja mwa Ajeremani. Seminale ya pa mishoni masiku amenewo inali kudalira munda wake, ndipo mnyamata wowerenga Cilatini m'mawa anali kugwira khasu madzulo. Mwambo wa nchito za manja umenewu ukalipo m'maseminale mpaka lero.

Za Cilatini tiyenera kunenapo pang'ono, pakuti acinyamata a lero sangamvetse. Msonkhano Waciwiri wa Vatican, wa zaka za 1962 mpaka 1965, usanacitike, Misa inali kunenedwa m'Cilatini, ndipo mabuku akuluakulu a filosofi ndi a za Mulungu anali a m'Cilatini. Mwana wa mlimi wa ku Chadiza, amene anabadwa akulankhula Cicewa, anayenera kuphunzira Cingelezi coyamba, kenaka Cilatini, ndipo pomalizira kuganiza ndi kuyankha mayeso m'cinenero cimene palibe mtundu wa anthu umene ukucilankhula panyumba. Amene amati ansembe akale anali ouma mtima akumbukire mphero imene anadutsamo.

ANA A KACHEBERE

Pakati pa amene anadutsa pa Kachebere pali maina odziwika m'nyumba iliyonse kuno kum'mawa. Ambuye Medardo Joseph Mazombwe, obadwa mu 1931 m'boma la Katete, anadzozedwa unsembe mu 1960. Mu 1971 anadzozedwa Bishopu wa Chipata, woyamba wakuda pa mpandowo, kulowa m'malo mwa Bishopu Firmin Courtemanche. Anakhala Arkibishopu wa Lusaka kuyambira mu 1996 mpaka mu 2006, anamenyera nkhondo yakuti ngongole za maiko osauka zikhululukidwe, ndipo mu 2010 Papa Benedict XVI anawasankha kukhala Kadinala, woyamba wobadwira m'Zambia. Anamwalira mu 2013.

Emmanuel Milingo, wa kwa Mnukwa, anadzozedwa mu 1958 nakhala Arkibishopu wa Lusaka kuyambira mu 1969 mpaka mu 1983. Mbiri yake ya pambuyo pake, ya kusemphana ndi Roma kufikira kucotsedwa pa unsembe mu 2009, owerenga athu aidziwa. Mbeu za pa nazale imodzi sizikula mofanana.

Ku Malawi kunali Patrick Kalilombe, wobadwira ku Mua mu 1933, amene anaphunzira pa Kachebere, nabwererako kukaphunzitsa Baibulo, nakhala mkulu wa seminaleyo asanasankhidwe kukhala Bishopu wa Lilongwe mu 1972. Dzina lake tidzakumana nalonso tikafika pa za ndalama.

Ufulu utabwera mu 1964, ku Malawi pa 6 July ndipo ku Zambia pa 24 October, malire aja a pa pepala anasanduka malire enieni, a ziphaso ndi maofisala. Maboma a Dr Kaunda ndi Dr Banda sanali kuonana bwino, makamaka pa nkhani ya ubale ndi South Africa. Anyamata ofuna unsembe nawo anali kuculuka. Mabishopu a m'Zambia anaganiza zokhala ndi maseminale akuluakulu aoao, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anatsegula St Augustine's ku Mpima, pafupi ndi Kabwe, ndi St Dominic's ku Woodlands mu Lusaka. Ku Malawi nako, mu 1977, kunatsegulidwa St Peter's ku Zomba, imene inatenga maphunziro a za Mulungu, ndipo Kachebere inatsala ndi filosofi. Mnyamata wa ku Chipata lero sadutsanso malire. Koma dongosolo limene amatsata ku Kabwe ndi ku Lusaka ndi lomwe lija aphunzitsi ake oyamba anabwera nalo kucokera patsinde pa phiri lija.

NJIRA YA LERO NDI ZAKA ZAKE

Pali maseminale a mitundu iwiri, ndipo makolo ambiri amawasokoneza. Seminale yaing'ono, monga St Mary's ku Chipata, Lubushi ku Kasama, kapena Mukasa ku Choma, ndi sukulu ya sekondale yogonera komweko. Ana amaphunzira masamu, sayansi, Cingelezi ndi zina zonse, nalemba mayeso a boma monga anzao, kungoti mapemphero ndi mwambo zimakhala zolimba. Mwana wa pa sukulu yotere sanalonjeze kanthu kwa munthu aliyense, ndipo ambiri a iwo sakhala ansembe. Komanso si lamulo kuti wofuna unsembe adutse pamenepo. Wophunzira pa sekondale ya boma, ngati anakhoza bwino Giredi 12, khomo nlotseguka kwa iye.

Ulendo weniweni umayamba ndi caka ca kukonzekera. Malangizo amene Roma anatulutsa mu 2016 analamula kuti caka cimeneci cikhalepo m'maiko onse, cosacepera caka cimodzi ndiponso cosapitirira ziwiri. Kuno kwathu anyamata a madayosizi amacitira caka cimeneci ku Emmaus, mu Lusaka. Ndi nthawi ya kupemphera, kuwerenga Baibulo ndi katekisimu, ndi kudziyesa ngati munthu angathe kukhala ndi anzake a mitundu ina pansi pa denga limodzi. Mcewa, Mbemba, Mtonga ndi Mlozi amadyera mbale imodzi, ndipo ena amabwerera kwao caka cisanathe.

Kenaka pamabwera filosofi, imene anyamata ambiri a madayosizi athu amakaiphunzira ku Mpima. Liuli limaopsa, koma nchito yake ndi kuphunzitsa munthu kuganiza molongosoka: kusiyanitsa mfundo yoona ndi yonama, kufunsa kuti munthu nciani, cabwino nciani, ndipo tidziwa bwanji zimene timati tidziwa. Amawerenga anzeru akale a ku Greece monga Plato ndi Aristotle, amawerenga Augustine wa ku Hippo, amene anali mwana wa Afirika, ndi Thomas Aquinas, ndiponso masiku ano amaphunzira nzeru za makolo athu. Wina angafunse kuti wansembe wa kumudzi adzacita nazo ciani zimenezi. Yankho lili pabwalo la milandu ya ufiti, pa maliro pamene abale alozana zala, ndi pa ukwati umene ukupasuka. Pamalo otere pafunika munthu wodziwa kumvetsera mbali zonse ndi kufunsa funso loyenera.

Pambuyo pa filosofi pali maphunziro a za Mulungu, amene ophunzira amawacha teoloji, ndipo awa amacitikira ku St Dominic's. Muli Malembo Oyera, ziphunzitso za mpingo, za makhalidwe, mbiri ya mpingo, malamulo ake, mwambo wa mapemphero, kalalikidwe ndi kasamalidwe ka Akristu. Buku la malamulo a mpingo la mu 1983 linaika poyera kuti filosofi ndi teoloji pamodzi zisacepere zaka 6 zathunthu, ziwiri za filosofi ndi zinai za teoloji. Tikaonjezapo caka ca kukonzekera zikwana 7, ndipo popeza ambiri amatumizidwanso ku parishi kukagwira nchito caka cimodzi, ndiponso filosofi m'malo ena imatenga zaka zitatu, mnyamata amatha zaka 8 kapena 9 atamaliza kale Giredi 12. Dokotala wa ku cipatala sakhala pa sukulu nthawi yoposa pamenepa kuti alandire digiri yake yoyamba.

M'kati mwa zakazi amakwera makwerero pang'onopang'ono. Amayamba kupatsidwa udindo wowerenga Mau a Mulungu, kenaka wotumikira pa guwa, kenaka udikoni, umene sulandiridwa munthu asanakwanitse zaka 23. Pa udikoni ndi pamene amalonjeza kusakwatira moyo wake wonse ndi kumvera Bishopu. Unsembe sungaperekedwe kwa munthu wosakwanitsa zaka 25, ndipo pakati pa udikoni ndi unsembe payenera kupita miyezi yosacepera 6.

Kukhoza mayeso pakokha sikukwanira. Caka ndi caka aphunzitsi amakhala pansi kukambirana za khalidwe la mnyamata aliyense, ndipo wanzeru kwambiri m'kalasi angathe kuuzidwa kuti anyamule katundu wake. Pali wansembe amene safunsidwa maganizo pa zimenezi, ndiye mlangizi wa za mzimu, amene mnyamata amamuululira za mumtima. Lamulo limaletsa kumfunsa iyeyo, kuti mnyamata asaope kunena zoona.

NANGA MADIGIRI?

Mpingo uli ndi makwerero akeake a madigiri, atatu. Yoyamba ndi Baccalaureate, imene ilingana ndi digiri yoyamba ya pa yunivesiti. Yaciwiri ndi Licentiate, ya zaka zina ziwiri, imene imapatsa munthu cilolezo cophunzitsa pa seminale yaikulu. Yacitatu ndi ya udokotala. Seminale payokha siingapereke madigiri amenewa ngati siinalumikizidwe ndi yunivesiti yobvomerezedwa ndi Roma. St Dominic's inalumikizidwa ndi yunivesiti ya Urbaniana ya ku Roma, imene mizu yake ili pa sukulu imene Papa Urban VIII anayambitsa mu 1627 kuti iphunzitse ansembe a maiko a mishoni. Motero mnyamata amaphunzira ndi kulemba mayeso ali mu Lusaka, koma pepala la digiri yake ya teoloji limacokera ku Roma.

Madigiri awiri apamwambawo si a aliyense. Bishopu ndiye amasankha wansembe amene wagwira kale nchito pa parishi, namtumiza ku Roma kapena ku Nairobi, kumene mabishopu a maiko a kum'mawa kwa Afirika anatsegula sukulu yao yapamwamba mu 1984, imene lero ndi Catholic University of Eastern Africa. Wansembe sadzisankhira yekha, ndipo akabwerako amapita kumene watumidwa.

Kwa mnyamata amene waleka panjira, mapepala ake sapita pacabe. Koma adziwe kuti pofuna nchito m'boma kapena malo pa yunivesiti ina, digiri yocokera kunja iyenera kupimidwa kaye ndi bungwe la boma la Zambia Qualifications Authority. Ndi nzeru kusunga pepala lililonse la zotsatira za mayeso kuyambira caka coyamba.

AMALIPIRA NDANI?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Pa seminale yaing'ono makolo amalipira fizi monga pa sukulu ina iliyonse yogonera komweko, ndipo mtengo wake, umene umasintha malinga ndi mitengo ya zinthu, amaulengeza ndi akuluakulu a sukuluyo. Pa seminale yaikulu mtolo waukulu uli pa Bishopu amene anatumiza mnyamatayo. Lamulo la mpingo limati Bishopu, kapena mabishopu onse pamodzi ngati seminale ndi ya dziko lonse, aonetsetse kuti nyumba zikusamalidwa, ophunzira akudya ndipo aphunzitsi akulandira zowayenera. Limamlolanso kuika msonkho pa maparishi ndi mabungwe a mpingo cifukwa ca seminale.

Taganizirani zimene zimafunika kuti anyamata ambirimbiri a msinkhu wodya kwambiri akhale pamalo amodzi miyezi yambiri pa caka: ufa, nyemba, mafuta, shuga, magetsi, madzi, mankhwala, malipiro a ophika ndi alonda, ndiponso mabuku, amene ambiri amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha ikagwa, seminale imamva kuwawa tsiku lomwelo. Ndipo ndalama zimaonongedwa pa onse, amene adzafika kumapeto ndi amene adzaleka, kotero kuti mtengo weniweni wa wansembe mmodzi ndi woposa cakudya ca munthu mmodzi.

Kwa zaka zambiri gawo lalikulu la mtolowu linasenzedwa ndi anthu amene sanaonepo Afirika. Mu 1889, mumzinda wa Caen ku France, mai wina wamasiye, Stéphanie Bigard, ndi mwana wake wamkazi Jeanne, analandira kalata yocokera kwa Bishopu Cousin wa ku Nagasaki, ku Japan. Bishopuyo anali kudandaula kuti akubweza anyamata abwino ofuna unsembe cifukwa cosowa cowadyetsa. Amai awiriwo anayamba kupempha ndalama kwa anzao, nagulitsa katundu wao, nasamukira m'nyumba yaing'ono. Bungwe limene anayambitsa, la Petro Woyera Mtumwi, Papa Pius XI analitenga kukhala la Papa mu 1922, ndipo mpaka lero limatumiza thandizo caka ndi caka ku maseminale a maiko a mishoni. Jeanne anamwalira mu 1934, atadwala matenda a maganizo zaka zambiri. Seminale yaikulu ya ku Enugu, ku Nigeria, imachedwa ndi dzina la banja lao. Tsono amene amati Papa ndiye amalipira sananame kotheratu, koma ndalamazo sizicokera m'thumba la Papa. Ndi zopereka za Akristu wamba, ambiri a iwo amai okalamba onga agogo athu.

Thandizo limenelo silinakwanirepo zonse, ndipo lero zinthu zatembenuka. Ku Ulaya anthu opita ku chalichi acepa, pamene kuno anyamata ofuna unsembe akuculuka. Ciwerengero ca Vatican ca caka ca 2022 cinaonetsa kuti Afirika anali ndi ophunzira a m'maseminale akuluakulu oposa 34,000, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse pa dziko lonse. Pakamwa paculuka, mphika sunakule.

Mabishopu athu anaziona zimenezi kale. Papa Paul VI, atafika ku Kampala mu 1969, anauza Aafirika kuti tsopano akhale amishonale a iwo eni. Mu 1973, pa msonkhano wao wa ku Nairobi, mabishopu a bungwe la AMECEA, mmene muli Zambia ndi Malawi, anagwirizana kuti mpingo uyenera kudzitumikira, kudzifalitsa ndi kudzidalira wokha pa cuma. Bishopu Kalilombe, mkulu wakale uja wa Kachebere, anali mmodzi wa olimbikira kwambiri ganizo lomanga mpingo pa timagulu ta Akristu a m'mudzi umodzi. Boma la Malawi linakayikira timaguluto, ndipo mu 1976 iye anakakamizika kucoka m'dzikolo. Koma ganizolo linakhala, ndipo timagulu tomweto ndito lero timasonkhanitsa thumba la cimanga, lichero la nshawa kapena nkhuku zopita ku seminale. Magulu a amai a Cikatolika ndiwo amatsogola pa nchitoyi. Lamulungu lacinai la nyengo ya Pasaka, lochedwa la Mbusa Wabwino, limene Papa Paul VI analipatula mu 1964 kukhala lopempherera maitanidwe, ndilo tsiku limene maparishi ambiri amakumbutsidwa za udindo umenewu.

Kunena mosabisa, pali Akristu amene amadandaula kuti wansembe afika ku chalichi cao kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu, koma mbale ya seminale ikamadutsa amayang'ana kudenga. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limeneli nlolemera zaka 8.

MTENGO UMENE SULEMBEDWA M'BUKU

Banja la mnyamata nalo limalipira. Bulangeti, nsapato, sopo, zobvala ndi ndalama ya basi yopita ku Kabwe kapena ku Lusaka ndi kubwerera pa chuti kawirikawiri zimayang'ana makolo ndi abale, ndipo kwa mlimi wodikira kugulitsa cimanga kamodzi pa caka zimenezi si zazing'ono. Parishi yabwino imathandizapo.

Koma pali mtengo wina wolemera koposa. Mwana amene wakhoza bwino Giredi 12 ndiye diso la banja lonse. Makolo anagulitsa ng'ombe kuti aphunzire, ndipo anali kuyembekeza kuti adzaphunzitsa ang'ono ake ndi kufolera nyumba ndi malata. Pakati pa Acewa iyeyo ndiye anayenera kudzakhala mwini mbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana ao. Pakati pa Angoni ndiye anayenera kupitiriza dzina la atate ake. Wansembe sadzabala ana, salandira malipiro a boma, ndipo amadalira zopereka za Akristu a parishi yake. Wa dayosizi salumbira za umphawi, kotero angathe kuthandiza kwao pang'ono pamene wapeza, koma wa m'gulu la cipembedzo, monga a Franciscan kapena a Jesuit, alibe cake ngakhale cimodzi. Banja limene likuyesa kuti unsembe ndi nchito ya ndalama lidzakhumudwa, ndipo lidzaika mwana wao pa mayesero oipa.

Lamulo la mpingo limaletsa zinthu ziwiri mofanana: kukakamiza munthu kuti alandire unsembe, ndi kubweza munthu woyenera amene akuufuna. Loyambalo likhudza makolo amene amauza mwana kuti akaleka adzawacititsa manyazi. Mnyamata amene wazindikira m'caka cacisanu kuti njirayi si yake, nabwerera kwao, wacita cinthu coyenera ulemu, ndipo seminale inamangidwira zomwezo, kuti munthu adziyese asanalonjeze. M'masukulu, m'makhoti ndi m'maofesi a dziko lino muli amuna ambiri amene anadutsa ku seminale. Kuwacha maina onyoza kumudzi ndi kulakwa.

Mnyamata amene akumva kuitanidwa ayambe ndi kukaonana ndi bambo mfumu wa parishi yake, amene adzamtumiza kwa wansembe woyang'anira za maitanidwe m'dayosizi. Adzafunsidwa kalata ya ubatizo ndi ya kulimbitsidwa, zotsatira za mayeso a Giredi 12, kalata ya dokotala yoonetsa kuti ali ndi thanzi, ndi umboni wa Akristu a kwao wonena za khalidwe lake. Amene anacotsedwa pa seminale ina ayenera kubweretsanso kalata ya mkulu wa kumeneko. Woyang'anira maitanidwe amayamba wamuona mnyamatayo kwa miyezi, nthawi zina kufika ndi kumudzi kukaceza ndi makolo, ndipo pambuyo pake ndi pamene dzina limapita pa tebulo la Bishopu.